Nkhani zopeka za kuopsa kwa luso lamakono ndi kupulumuka m'chilengedwe: mafunso ndi mayankho

Kodi nkhani zimenezi ndi zotani kwenikweni?

Ndi nthano zochita kupeka, za m'mabuku kapena za m'mafilimu, zimene gwero la mavuto ake limakhala chinthu chopangidwa ndi luso la anthu: makina, kompyuta, kachilombo kosinthidwa chibadwa, chombo chopita mumlengalenga kapena malo opangira magetsi. Chinthucho chimapangidwa kuti chithandize, ndipo poyamba chimathandizadi, koma pakapita nthawi chimalephera kapena chimachita zimene ochipanga sanaziganizire. Zikatero anthu amene ankachidalira amatsala okha pamaso pa kuzizira, ludzu, njala, nyanja, matenda kapena zilombo, ndipo gawo lotsala la nkhaniyo limakhala la mmene akuyesera kupulumutsa moyo wawo nthawi isanawathere.

Pa Chingerezi zambiri mwa nkhanizi amazitcha techno-thriller. Mbali yoyamba ya dzinali ikunena za luso la zopangapanga, ndipo yachiwiri ikunena za kalembedwe koika mtima wa wowerenga m'mwamba, kamene kamamulepheretsa munthu kutseka buku ngakhale tulo tili m'maso.

Zimasiyana bwanji ndi nkhani zina zopeka za sayansi, kapena ndi nkhani zamatsenga?

Kusiyana kwagona pa kutalika kwa mtunda pakati pa nkhaniyo ndi moyo umene tikuudziwa. Nkhani za maufumu omenyana pakati pa nyenyezi zimachitika zaka masauzande zikubwerazo, ndipo wowerenga amasangalala nazo akudziwa kuti sizidzamufika pakhomo. Nkhani zimene tikukambazi zimachitika lero kapena mawa lomweli. Wolemba amatenga zimene asayansi akuchita kale m'malo awo ofufuzira, n'kungopitirira pang'ono pamene iwo afika.

M'nkhani zamatsenga chinthu chimatha kuchitika popanda wina kufunsa kuti chachitika bwanji. Kuno zimenezo siziloledwa. Chilichonse choopsa chiyenera kukhala ndi chochititsa chimene munthu angachilondole mpaka pa waya woduka, chitseko chimene sichinatsekeke, kapena lamulo limene wina analemba molakwika m'kompyuta.

Zinayamba liti?

Ambiri amaloza buku la Mary Shelley lotchedwa Frankenstein, limene linasindikizidwa mu 1818, lonena za wophunzira sayansi amene anapanga cholengedwa chamoyo kenako n'kuchithawa. Chochititsa chidwi n'chakuti ngakhale kubadwa kwa bukulo kunakhudzana ndi mphamvu ya chilengedwe. Mu Epulo 1815 phiri la Tambora ku Indonesia linaphulika n'kuponya phulusa lochuluka mumlengalenga, moti chaka chotsatira nyengo yotentha ku Ulaya inali ya mvula ndi kuzizira. Shelley, ali ndi zaka 18, anali pafupi ndi nyanja ya Geneva ndi anzake, ndipo poti kunja sikunkayendeka, anagwirizana zopikisana kupeka nkhani zoopsa ali m'nyumba.

Nthano za kupulumuka n'zakale kuposa pamenepa. Mmalinyero wa ku Scotland, Alexander Selkirk, anakhala yekha pachilumba china cha m'nyanja ya Pacific kuyambira 1704 mpaka 1709, ndipo mbiri yake inafala kwambiri zaka zochepa buku la Robinson Crusoe, lonena za munthu wotsala yekha pachilumba, lisanatuluke mu 1719.

Mitsinje iwiriyi inayenda payokhapayokha kwa nthawi yaitali. Amene amatchulidwa kwambiri kuti anaikumanitsa m'maonekedwe amene tikuwadziwa lero ndi Michael Crichton, wolemba wa ku America amene anaphunzira udokotala ku Harvard. Buku lake lonena za kachilombo kobwera ndi setilaiti, The Andromeda Strain, linatuluka mu 1969, chaka chomwecho chimene anthu oyamba kuponda pamwezi anabindikiritsidwa atabwerako poopa kuti mwina atenga tizilombo tachilendo. Mantha a m'bukumo anali mantha amene akuluakulu a boma anali nawo kale.

N'chifukwa chiyani olemba amakonda kuphatikiza kuopsa kwa luso ndi kulimbana ndi chilengedwe?

Chifukwa chake n'chakuti zinthu ziwirizi ndi nkhani imodzi. Pafupifupi luso lililonse limene anthu apanga ndi mpanda umene auika pakati pa thupi lawo ndi chilengedwe. Sitima imatchinga madzi, chotenthetsera m'nyumba chimatchinga chisanu, mankhwala amatchinga tizilombo, ndipo chombo cha mumlengalenga chimatchinga malo opanda mpweya. Mpandawo ukalimba, anthu amapita kutali kwambiri, kumalo kumene thupi palokha silikanatha ola limodzi. Choncho tsiku limene mpandawo wagumuka, munthu amapezeka ali pakati penipeni pa ngozi, kumene luso lomwelo linamufikitsa.

Pali chinanso. Munthu akadalira chipangizo kwa zaka zambiri, maluso amene chipangizocho chinalowa m'malo mwake amazilala. Wozolowera kulondoleredwa njira ndi setilaiti sadziwanso kuwerenga dzuwa ndi nyenyezi, ndipo wozolowera kudina batani kuti kutenthe sadziwa kukoleza moto ndi nkhuni zonyowa. Wolemba waluso amadziwa kuti mantha enieni a wowerenga sali pa makina oopsa okha, ali pa funso lakuti iye mwini angachite chiyani makinawo atangokhala chete. Pa chifukwa chimenechi, ifeyo timaona kuti nkhani imene ili ndi makina oukira okha, popanda ludzu kapena chisanu, imakhala yoperewera mbali imodzi.

Kodi ndiyenera kudziwa sayansi kuti ndizimve?

Ayi. Ndi udindo wa wolemba kukufotokozerani zimene mukufunika kudziwa, pa nthawi imene mukuzifuna. Mukaona kuti mwasochera m'mawu ovuta kwa masamba angapo, vuto nthawi zambiri limakhala la wolembayo.

Kodi zimene amalembazo zingachitikedi?

Zina sizingachitike, ndipo zina zinachitika kale m'njira yodabwitsa kuposa ya m'mabuku. Chitsanzo cha zosatheka ndi kuukitsa zinyama zakale zotchedwa dinosaur pogwiritsa ntchito magazi opezeka m'mimba mwa udzudzu wosungika mu utomoni wouma, monga zilili mu Jurassic Park, buku la mu 1990. DNA, imene imasunga malangizo a chibadwa cha chamoyo, imaphwanyika pang'onopang'ono chamoyocho chikafa. Yakale kwambiri imene asayansi anakwanitsa kuwerenga, yochokera m'dothi lozizira la ku Greenland, ndi ya zaka pafupifupi 2 miliyoni, pamene zinyama zija zinatha zaka 66 miliyoni zapitazo.

Koma mfundo yaikulu ya nkhani zoterezi, yakuti anthu sangathe kulamulira zamoyo zonse zimene aziika m'khola, ili ndi umboni wokwanira. Mu Sepitembala 1991 anthu 8, amuna 4 ndi akazi 4, anatsekeredwa m'chinyumba chachikulu chagalasi chotchedwa Biosphere 2 ku Arizona, mmene munali nkhalango, munda, chipululu ndi kanyanja kochita kupanga. Cholinga chinali chakuti akhalemo zaka 2 akupuma mpweya wopangidwa ndi zomera za momwemo ndi kudya zimene alima okha. Patapita miyezi ingapo okosijeni anayamba kuchepa, kuchoka pa 21 peresenti imene timapuma panja mpaka kufika pafupifupi 14 peresenti, moti anthuwo ankatopa pongokwera masitepe ndipo ena ankadzidzimuka usiku akubanika. Mabakiteriya a m'dothi, limene analithira manyowa ochuluka, ankadya okosijeni n'kutulutsa kaboni dayokisaidi. Chimene chinazunguza mitu ya akatswiri n'chakuti mpweya woipawo sunkaoneka wochuluka monga ankayembekezera, mpaka anadzatulukira kuti konkire wa chinyumbacho ankauyamwa. Tizilombo tambiri tonyamula mungu tinafa, nyerere ndi mphemvu n'kuswana, ndipo pamapeto pake anachita kupopera okosijeni kuchokera kunja.

Ku Australia nako, mu 1935, anabweretsa achule akuluakulu oposa pang'ono 100 kuchokera ku Hawaii kuti azidya tizilombo towononga nzimbe ku Queensland. Achulewo sanathandize kwenikweni pa tizilomboto, koma anaswana kufika mamiliyoni, ndipo poizoni wa m'thupi mwawo wakhala akupha njoka, abuluzi ndi nyama zina zimene zimayesa kuwadya.

N'chifukwa chiyani m'nkhanizi tsoka lalikulu limayamba ndi kanthu kakang'ono?

Olemba anatengera zimenezi ku ngozi zenizeni. Pa 28 Malichi 1979, pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island ku Pennsylvania, vavu ina, kutanthauza kachitseko kotsegula ndi kutseka paipi, inatseguka monga inayenera kuchitira koma inakanika kutsekekanso. M'chipinda choyendetsera makina munali kagetsi kamene ogwira ntchito ankakhulupirira kuti kamasonyeza ngati vavuyo yatsekeka. Zoona zake n'zakuti kankangosonyeza kuti lamulo loti itsekeke latumizidwa. Kwa maola oposa 2 madzi oziziritsa ng'anjo ya nyukiliya ankatayika, akatswiri akuyang'ana kagetsiko n'kumakhulupirira kuti mbali imeneyo ili bwino.

Katswiri wina wa za chikhalidwe cha anthu, Charles Perrow, atafufuza ngoziyi anafotokoza mu 1984 kuti makina amene ali ndi mbali zambiri zolukanalukana, zimenenso zimakhudzana mofulumira, sangalephere kuchita ngozi tsiku lina, chifukwa zolakwika ziwiri kapena zitatu zazing'ono zimatha kukumana m'njira imene palibe anaiganizirapo. Maganizo amenewa ndiwo msana wa nkhani zambiri za mtundu uno.

Ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Fukushima ku Japan, ya pa 11 Malichi 2011, ikusonyeza bwino mmene luso ndi chilengedwe zimakumanira. Chivomezi chitachitika, ng'anjo zinazima zokha monga zinakonzedwera, ndipo majenereta anayaka kuti mapampu apitirize kuziziritsa. Mpaka pamenepo zonse zinkayenda mwa dongosolo. Ola lisanathe kunafika mafunde a tsunami otalika mamita oposa 10, anadumpha khoma lotchinga nyanja n'kumiza majenereta amene ambiri anaikidwa m'zipinda zapansi. Ng'anjo zitatu zinasungunuka mkati. Chimene chinagwetsa zonse ndi malo amene wina anasankha kuika majenereta zaka zambiri m'mbuyomo.

Nanga makompyuta ndi maloboti oukira anthu, pali choopa chenicheni?

Mantha amenewa ndi akale ngati liwu lenilenilo. Liwu lakuti robot linatchuka ndi sewero la Karel Čapek la mu 1920, ndipo linachokera ku liwu la chinenero cha ku Czech lotanthauza ntchito yokakamizidwa. Kuyambira pachiyambi, tsono, nkhani ya loboti inali nkhani ya wantchito amene tsiku lina adzakana kutumidwa.

Komabe mbiri ikusonyeza kuti choopsa chimene chakhala pafupi kwambiri ndi kompyuta yolakwitsa imene anthu akuikhulupirira, osati kompyuta yodana ndi anthu. Usiku wa pa 26 Sepitembala 1983 makina ochenjeza a dziko la Soviet Union anasonyeza kuti dziko la America laponya mzinga wa nyukiliya, kenako inayi ina. Msilikali amene anali pa ntchito usiku umenewo, Stanislav Petrov, anaganiza kuti dziko lofuna kuyambitsa nkhondo yotere silingaponye mizinga 5 yokha, ndipo anauza akuluakulu ake kuti makinawo alakwitsa. Kunapezeka kuti masetilaiti anasokonezedwa ndi kuwala kwa dzuwa kumene kunanyezimira pa mitambo ya m'mwamba kwambiri. Taonani kuti ngakhale apa chilengedwe chinalowererapo: dzuwa ndi mitambo basi.

Nkhani zabwino za masiku ano zonena za nzeru zochita kupanga zimatsata njira imeneyi. Makinawo amachita ndendende zimene anauzidwa, koma owauzawo sanaganize mokwanira za tanthauzo la lamulo lawo, ndipo pofika nthawi yoti awaletse amapeza kuti palibenso munthu amene akudziwa kugwira ntchitoyo ndi manja.

N'chifukwa chiyani nthawi zambiri zimachitikira pachilumba, kumadzi oundana, pansi pa nyanja kapena mumlengalenga?

Wolemba amafuna malo amene thandizo silingafike msanga. Ngati ampangankhani angathe kuimba foni n'kubwera galimoto yowatenga, nkhaniyo yathera pomwepo. Malo akutali amachititsanso kuti zinthu zikhale zowerengeka: mpweya wa maola akutiakuti, madzi a masiku akutiakuti, batire yotsala pang'ono. Wowerenga amayamba kuwerengera limodzi ndi anthu a m'nkhanimo, ndipo kuwerengerako n'kumene kumamugwira.

Pali nkhani zina zimene zimatembenuza zimenezi n'kusandutsa mzinda waukulu kukhala chilumba pongozimitsa magetsi. Maziko ake ndi oona. Mu 1859 mphepo yamphamvu yochokera kudzuwa inasokoneza mawaya a telegalafu, otumizira mauthenga, ku Ulaya ndi ku America mpaka ena ogwira ntchito anagwidwa ndi magetsi, ndipo mu Malichi 1989 ina yocheperapo inazimitsa magetsi m'chigawo cha Quebec ku Canada kwa maola pafupifupi 9.

Kodi munthu angaphunzire kupulumuka pa ngozi powerenga nkhanizi?

Angatolepo kaganizidwe, koma asazitenge ngati buku la malangizo, chifukwa wolemba amasintha zinthu kuti nkhani ikome. Ophunzitsa za kupulumuka ali ndi kalamulo kosavuta kukumbukira konena kuti munthu amatha pafupifupi mphindi 3 wopanda mpweya, maola 3 pa chisanu kapena kutentha koopsa wopanda pobisala, masiku 3 wopanda madzi, ndi milungu 3 wopanda chakudya. Manambalawa ndi ongoyerekezera, koma amasonyeza chimene chiyenera kuyamba. Mafilimu ambiri amalakwitsa pomwepa, poonetsa anthu akuthamangira kusaka nyama tsiku loyamba pamene sanapeze madzi kapena pogona. Kutentha kwa thupi kukatsika pansi pa madigiri 35, munthu amayamba kusokonezeka maganizo, ndipo ena amafika povula zovala ali pakati pa chisanu.

Zimene nkhani zabwino zimaphunzitsa molondola ndi kugwiritsa ntchito zimene zilipo. Mu Epulo 1970 thanki ya okosijeni ya chombo cha Apollo 13 inaphulika chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 320,000 kuchokera padziko. Jim Lovell, Jack Swigert ndi Fred Haise anasamukira m'kachombo kotsikira pamwezi, kamene kanapangidwira anthu awiri kwa masiku ochepa. Mpweya woipa umene ankatulutsa popuma unayamba kuchuluka. Zosefera mpweya zinalipo zokwanira m'chombo chachikulu, koma zinali za ngodya zinayi pamene mabowo a m'kachombo kaja anali ozungulira. Akatswiri a pansi anasonkhanitsa zinthu zokhazo zimene ankadziwa kuti zili m'chombomo, monga matumba apulasitiki, katoni, paipi ya chovala cha mumlengalenga ndi tepi yomatira, n'kupeza njira yozilumikizira, kenako n'kuwafotokozera anzawowo pa wailesi, chimodzichimodzi. Onse atatu anafika padziko ali moyo pa 17 Epulo.

Chitsanzo china ndi cha Juliane Koepcke, amene ali ndi zaka 17 anapulumuka yekha ndege itang'ambidwa ndi mphezi pamwamba pa nkhalango ya ku Peru pa 24 Disembala 1971. Makolo ake anali akatswiri a zamoyo, ndipo anakumbukira zimene bambo ake anamuphunzitsa, kuti wosochera m'nkhalango atsate madzi kumene akulowera chifukwa kamtsinje kamathira mumtsinje ndipo m'mbali mwa mtsinje mumakhala anthu. Anayenda motero, ali ndi mabala, mpaka anapezana ndi anthu patapita masiku 11.

Kodi m'nkhanizi mdani wamkulu ndi chilengedwe kapena anthu anzako?

Olemba ambiri amakonda kuonetsa anthu akutembenukirana chakudya chikangochepa, chifukwa mkangano umakometsa nkhani. Mbiri siigwirizana nawo nthawi zonse. Sitima ya Ernest Shackleton, yotchedwa Endurance, inapanikizidwa ndi madzi oundana m'nyanja ya Weddell ku Antarctica mu Januwale 1915 ndipo inamira mu Novembala chaka chomwecho. Amuna 28 anakhala miyezi pamwamba pa madzi oundana, kenako anapalasa mabwato mpaka pachilumba cha Elephant. Kuchokera pamenepo Shackleton ndi anzake 5 anadutsa makilomita pafupifupi 1,300 a nyanja yolusa pa bwato laling'ono kukafuna thandizo pachilumba cha South Georgia, ndipo mu Ogasiti 1916 anabwerera kukatenga otsalawo. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa 28 aja amene anafa. Chimene chinawasunga ndi dongosolo la tsiku ndi tsiku: nthawi yodyera, kugawana mofanana, ndi ntchito ya aliyense.

Nkhani imene imaonetsa anthu akugwirizana ndi yovuta kulemba kuposa ya anthu ophana, ndipo ikalembedwa bwino imakhalitsa m'mutu.

Kodi nkhanizi sizichititsa anthu kudana ndi sayansi?

Funsoli asayansi enieni amalifunsa kawirikawiri, ndipo dandaulo lawo lili ndi maziko. Nkhani yofooka imaonetsa wasayansi ngati wamisala wosamva za anzake, ndipo wowerenga amatha kutuluka ndi maganizo akuti kufufuza kulikonse n'kuputa tsoka. Nthawi zinanso zinthu zongochitikira pamodzi mosayembekezereka zimakuza mantha. Filimu yonena za ngozi ya pamalo a nyukiliya, The China Syndrome, inayamba kuonetsedwa masiku 12 okha ngozi ya Three Mile Island, imene tafotokoza pamwambapa, isanachitike, ndipo m'maganizo a anthu ambiri ziwirizi zinasakanikirana.

Koma mukaziwerenga mosamala, nkhani zambiri zimaloza chala kwina. Wolakwa amakhala kampani imene ikuthamangira phindu, mkulu amene anabisa lipoti, kapena wogwira ntchito wokhumudwa amene anazimitsa mpanda wa magetsi. Opulumutsa anzawo nawonso amakhala asayansi, ndipo amapulumuka poyeza, powerengera ndi poyesa. Asayansi eni ake anayambanso kale kudziikira malire. Mu Febuluwale 1975 akatswiri a zamoyo anakumana ku Asilomar ku California n'kugwirizana malamulo a chitetezo pa ntchito yolumikiza DNA ya zamoyo zosiyana. Ndipo pamene He Jiankui wa ku China analengeza mu 2018 kuti wasintha chibadwa cha ana asanabadwe, oyamba kumudzudzula anali asayansi anzake, khoti lisanamulamule kukhala m'ndende zaka 3.

N'chifukwa chiyani mafilimu ake amakhala ndi zolakwika zambiri za sayansi?

Filimu ili ndi maola awiri, ndipo imadalira maso ndi makutu. Mumlengalenga mulibe mpweya wonyamula phokoso, koma opanga mafilimu amaikamo kuphulika kwa mkokomo chifukwa oonera amayembekezera kumva kanthu. Katemera amene amatenga miyezi kapena zaka amapezeka usiku umodzi. Buku lili ndi mpata wofotokoza maganizo a mpangankhani pamene akuwerengera mpweya wotsala, pamene filimu imangomuonetsa akutuluka thukuta.

Olemba mabuku nawo amalakwitsa mwadala nthawi zina. Andy Weir, amene analemba The Martian, buku lonena za munthu wotsala yekha pa pulaneti ya Mars, anavomereza yekha kuti mkuntho umene umayambitsa nkhani yake sungakhale ndi mphamvu yotero, popeza mpweya wa ku Mars ndi wopyapyala kwambiri, wosafika 1 peresenti ya kulemera kwa mpweya wa padziko lathu. Anasankha kutero chifukwa ankafuna kuti chilengedwe ndicho chiyambe kumenya. Cholakwika chimodzi chotere, choikidwa koyambirira, owerenga amachikhululukira ngati zotsatira zake zonse zikutsata malamulo a sayansi.

Kodi n'zoyenera ana?

Zimasiyanasiyana. Zambiri zili ndi imfa, mabala ndi mantha aakulu, choncho kholo liyambe lawerenga kapena kuonera lokha. Achinyamata okulirapo nthawi zambiri amapindula nazo, makamaka ngati pali wamkulu wokambirana naye kuti ndi ziti zoona ndi ziti zopeka, ndipo yankho limene tapereka pamwambapa la funso lokhudza zimene zingachitikedi lingathandize poyambira.

Ndingazindikire bwanji nkhani yolembedwa bwino?

Choyamba yang'anani ngati malamulo a nkhaniyo akusungidwa. Ngati wolemba wanena pa tsamba 40 kuti mpweya utha pakapita maola 6, usapezeke ukadalipo tsiku lotsatira popanda chifukwa. Chida chimene chidzapulumutse anthu kumapeto chiyenera kukhala kuti chinaonekapo kale, mwina chili pakona pomwe palibe anachilabadira. Wolemba amene amatulutsa helikopita mwadzidzidzi pa tsamba lomaliza wakuberani nthawi yanu.

Yang'ananinso anthu amene anapanga chinthu choopsacho. M'nkhani yofooka amakhala zitsiru kapena anthu oipa mtima, moti wowerenga amadzitonthoza kuti iye sakanachita zimenezo. M'nkhani yamphamvu amakhala anthu anzeru, a zolinga zomveka, amene chosankha chawo chilichonse chinkaoneka choyenera pa tsiku limene anachipanga, ngati anthu aja amene ankayang'ana kagetsi konama. Pamenepo wowerenga sapeza pothawira.

Chilengedwe nachonso chisapatsidwe mtima wa munthu. Chisanu sichikwiya ndipo nyanja siibwezera. Wolemba akayamba kulemba ngati mkuntho ukusaka mpangankhani mwadala, wachoka m'nkhani ya sayansi n'kulowa m'nkhani ya mizukwa. Chimene chimaopsa kwambiri n'chakuti chilengedwe sichidziwa n'komwe kuti munthuyo alipo.

Ndikufuna kulemba nkhani yotere. Ndiyambire pati?

Yambirani pa chinthu chimodzi chimene mumachidziwa bwino kapena chimene mungathe kuchifufuza mpaka pansi, monga pampu ya madzi, firiji yosungira mankhwala, makina olondolera ndege, kapena mbewu yosinthidwa chibadwa. Dziwani mmene chimagwirira ntchito tsiku limene zonse zili bwino, ndani amachiyang'anira, ndipo ndi chizindikiro chiti chimene amadalira kuti adziwe kuti chili bwino. Malipoti a kafukufuku wa ngozi za ndege, za sitima ndi za m'mafakitale, amene mayiko ambiri amawasindikiza poyera, ndi sukulu yabwino kuposa mafilimu, chifukwa amafotokoza mphindi ndi mphindi zimene munthu aliyense ankaona ndi zimene ankaganiza kuti zikuchitika.

Mukatero sankhani zolakwika ziwiri zazing'ono zimene payokhapayokha sizikanavulaza munthu, n'kuzikumanitsa tsiku limodzi. Ikani anthu ochepa pamalo amene thandizo lingatenge masiku kuti lifike, ndipo musanalembe chiganizo choyamba lembani papepala lapadera zonse zimene ali nazo: malita a madzi, maola a batire, kutentha kwa usiku, mankhwala, zingwe, mipeni, ndi amene ali ndi bala. Pepala limenelo likhale pambali panu mpaka kumapeto, ndipo nthawi iliyonse imene mpangankhani wamwa madzi kapena wayatsa tochi, chotseranipo pa chiwerengerocho.